Noti Yopanda Mawu

Ku Bembeke kwazizira Juni asanafike pakati,
zala zanga zauma gwa.
Laputopu ndabwereka kusukulu mpaka Lolemba,
batire lake ndi labodza: likati ola, ndiye theka.

Mzere wapamwamba ndi manoti, malembo okhaokha,
andanda ngati ana pa asembule.
Mzere wapansi ndi mawu a nyimbo.
Ntchito yanga ndi unkhoswe wausiku:
phatikizo lililonse lipeze noti yake,
likhale pansi pake ndendende, lisasuzumire kwa eni.

Koma makinawa samva Chichewa.
Ndalemba mtendere, iwo aona mtolo umodzi,
ausenzetsa noti imodzi
ngati matumba anayi a kachewere panjinga yakapalasa.
Ndiye ndaudula ndi timizere: m-te-nde-re.
Nanga m wakutsogoloyu ndi munthu payekha?
Asopulano amangomumeza.
Abesi amampatsa mpando,
amamung'ung'udza milomo ili chitsekere.
Ndikamuwerenga, mawu achuluka.
Ndikamusiya, manoti andiyang'ana.

Mtengo wa m'ndime yachiwiri nawonso,
ndikangoutsitsa pomwe umayenera kukwera
wasanduka mtengo wa kabichi pa Lizulu,
kwaya yonse n'kumanenerera malonda m'tchalitchi.

Nyimboyi si yanga.
Adaipeka a Kamtedza, mmisiri wa mabenchi ndi zitseko,
amene sadalembepo noti n'imodzi yomwe.
Tidawaika m'Febuluwale, mvula ikugwa.
Atsala m'foni ya mwana wawo:
mphindi zitatu, phokoso la malata,
wina akutsokomola kumbuyo.

Tsono pamzere wachisanu ndi chiwiri pali vuto.
Manoti khumi ndi atatu, maphatikizo khumi ndi awiri.
Makina saona manyazi, akoka liwu lotsatira
kutseka mpatawo,
mawu onse asendera kumanzere ngati anthu m'minibasi,
ameni wafika nyimbo isanathe.

Ndawerenga ndi zala. Ndawerenganso ndi nyemba patebulo.
Yatsala imodzi basi.

Ndabweza foni kambuyo kasanu, khutu lili pasipika.
Pamenepo a Kamtedza sanena kanthu.
Noti ikumveka, inde, koma si liwu,
ndi kamluzu ka m'chifuwa chodzala utuchi,
mpweya ukufunafuna khomo.
Zaka zonsezi ife tinkayesa ndi nyimbo.

Ndaimbira Mai Nangozo a alito, ayankha ali m'bulangete.
Akuti, pamenepo timadikira.
Ndati, timadikira chiyani?
Akuti, aphunzitsi, timangodikira,
adula foni.

Malangizo a makina akundipatsa njira.
Kamzere kogona pansi kakoka liwu lapitalo
litalike, likwirire dzenjelo.
Pepala likongola, koma likhala lonama:
iwo sadakokepo liwu pamenepo.
Ndingathenso kufufuta notiyo,
batani limodzi, masamu atheka,
koma ndani amaika munthu m'manda kawiri?

Patsala kanyenyezi.
Akuti ukakaika mumzere wa mawu
makina alumpha noti imodzi osafunsa chifukwa.

Ndakaika.
Mawu onse abwerera m'malo mwawo mwakachetechete,
mtendere pansi pa manoti ake anayi,
ameni pakhomo penipeni potulukira.
Pakati pa mzere wachisanu ndi chiwiri
noti ija yaima yokha, pansi pake pali mbee,
ngati malo a pabenchi lakutsogolo
amene mpaka lero tikuwalambalala.

Magetsi athima. Batire likuti mphindi zisanu.
Ndasunga kawiri, poti mbuzi ikagunda galu n'kulinga utayenda naye,
ine makinawa sindidayende nawo.

Lachisanu ndikwera ya ku Dedza boma kukasindikiza,
mapepala makumi atatu, inki ikalola.
Loweruka abwera ana atsopano a kwa Kaphuka
amene a Kamtedza sadawaonepo.
Mmodzi adzaloza chala, ndikudziwa,
adzati, aphunzitsi, apa mwaiwala mawu.

Sindinaganize chomwe ndidzamuyankhe.
Mwina ndidzangokweza dzanja,
tonse tidikire.